Galimoto imayezedwa COF, nanga msana wa dalaivala auyeza ndani?

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndidandaule za chinthu chimene chikupundula madalaivala ambiri mwakachetechete. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndagwira chiongolero zaka 24, ndipo kalata ino ndikuilemba chiimirire, pepala ndaliika pamwamba pa kabati, chifukwa ndikakhala pampando mphindi 20 zokha moto umayaka m'chiuno, kudutsa m'thako, kutsika ndi mwendo wakumanzere mpaka kukafika kuchala chachikulu cha phazi.

Ndinayamba ndi ukondakitala pa minibasi za pakati pa Limbe ndi Blantyre. Laisensi ndinatenga mu 1998, ndipo mu 2004 ndinakwera thiraki. Njira ya ku Beira ndimaidziwa ngati njira ya kumunda kwathu: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Changara, Guro, Catandica, Chimoio, Inchope, kenako kudoko. Ya ku Dar es Salaam nayonso ndaiponda kosawerengeka, kutsetsereka pa Chiweta mtima uli m'mwamba, kuwoloka pa Songwe, kukwera ku Tukuyu, kupota m'makhota a Kitonga. Dziko lathu lilibe doko lakelake, choncho feteleza amene mumathira m'munda, mafuta a m'galimoto zanu, tirigu wa buledi, mchere, zambiri mwa izi zimabwera munthu wina atazikhalira pampando masiku angapo. Tikamati chuma cha dziko chili pamsana pa madalaivala sitikuphiphiritsa ayi.

Thiraki yomaliza imene ndinayendetsa inabwera m'dziko muno itagwira kale ntchito zaka zambiri kunja, monga zilili zambiri zimene mumaziona pa M1. Mpando wake unali wa mpweya, uja umati ukagunda bampu umatsika n'kukwera mofewa ngati bwato. Chaka choyamba unkagwira bwino. Kenako kathumba ka mpweya ka pansi pake kanabooka. Nditakanena ku ofesi anandiyankha kuti sipeya wake ndi wodula, ndipo galimoto singaime chifukwa cha mpando. Makaniko anadula chipika cha bulugamu, n'kuchikhomerera pansi pa mpandowo kuti usamatitimire, ine n'kupinda bulangete kuika pamwamba. Pa chipika chimenecho ndinayenda zaka 3. Dzenje lililonse la mumsewu linkachoka patayala, kudutsa m'chitsulo, kudutsa m'chipika, n'kudzathera m'chiuno mwanga. Tayala likasalala ankalisintha tsiku lomwelo, poti apolisi a pamsewu amaliona ndipo COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, siingatuluke. Za mpando palibe anafunsapo ngakhale kamodzi.

Tsiku limene zinandithera linali mu Okutobala 2022. Ndinkachokera ku Beira ndi matani 30 a feteleza. Ndinanyamuka pa Chimoio m'bandakucha, n'kuyenda maola ngati 6 osaponda pansi, chifukwa ndinkafuna kukapeza malo abwino pamzere wa pa Zobue. Nditapitirira Guro ndinaona pagalasi tenti ikukupiza, lamba mmodzi atamasuka. Ndinaimika galimoto, kutsegula chitseko n'kudumpha, monga ndinkachitira masiku onse. Nditawerama kuti ndikoke lambayo ndinangomva kuti thwa m'chiuno, ngati wina wandilasa ndi chitsulo chamoto. Ndinagwada m'fumbi lotentha lija, kulephera kuimirira, kulephera kugona. Mnzanga amene ankanditsatira pambuyo ndi amene anamanga lambayo, n'kundikankhira m'kebini ngati thumba. Ndinameza mapilitsi awiri ndipo ndinapitiriza ulendo.

Apa ndi pamene ndikufuna owerenga amene si madalaivala amvetsere. Ndinayendetsa matani 30 mpaka ku Blantyre ndikuponda kilatchi ndi mwendo umene unkachita dzanzi. Ndinadutsa m'misika ya m'mbali mwa msewu, ana asukulu akuwoloka, amayi atasenza mitolo. Mulungu yekha ndiye anatiteteza tonse. Sindine ndekha amene ndinachitapo zimenezi. Mawa lino pali wina amene adzatsetsereke ndi thanki ya mafuta phazi lake lisakumva bwino, chifukwa akudziwa kuti akanena, makiyi apita kwa wina.

Msanawu sunayambe tsiku limenelo. Unakhala ukundichenjeza kwa zaka pafupifupi 10. M'mawa podzuka pa kabedi ka m'kebini ndinkayamba ndagwira m'chiuno, kuwongoka pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Koma ndinkabisa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Akonzi, inu mukudziwa mmene mawu akuti msana amamvekera pakati pa amuna. Ukangoti msana ukundipweteka pagulu la madalaivala, phwete limabuka. "Achimwene, mwaonjeza za m'maboda." Wina amvekere, "Mphamvu zatha izo, kaguleni gondolosi." Kunyumba nako mayi akamva amayamba kukayika, poti mbiri ya madalaivala pa nkhani za akazi ndi yodziwika kale. Ena amathamangira kunena kuti ndi impso. Achibale ena anandiuza kuti alipo wandiponda kuntchito, akufuna galimoto yanga, ndipo ndinatemeredwa mphini m'chiuno kawiri konse. Zipsera zake ndili nazo. Chimene chinkandilodza ndinkachikhalira tsiku ndi tsiku, koma manyazi ananditseka pakamwa mpaka madzi anafika m'khosi.

Tsegulani kabokosi ka m'kebini ya dalaivala aliyense wa maulendo ataliatali, mupezamo brufen, diclofenac kapena indocid, zogula pa okala kapena kwa anyamata oyenda nazo m'mizere ya pa boda. Timameza m'mimba mulibe kanthu, n'kutsitsira chakumwa chochotsa tulo. Kuchipatala anandiuza kuti mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali amakanda m'mimba mpaka kuchita zilonda, komanso amawononga impso, makamaka munthu akamamwa madzi ochepa. Ife madzi timamwa ochepa mwadala, kuopa kuimaima panjira. Ndiye munthu amayamba ndi msana, n'kudzathera pa matenda ena amene wadziitanira pofuna kuti afike ndi katundu wa eni pa nthawi yake.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa mafizo, wamng'ono msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anatenga mafupa a msana a pulasitiki n'kundigwiritsa m'manja. "Bambo, werengani apa," anatero. Ndinawerenga mafupa 5 a m'munsi, amene amasenza thupi lonse la kumtunda. Pakati pa fupa ndi fupa pali kakhushoni, kunja kolimba ngati mphira wa tayala, mkati kofewa ngati bota. Anandifotokozera kuti mkati mwa timakhushoni timeneti simufika mitsempha ya magazi. Timadya ndi kumwa pofinyika ndi kumasuka munthu akamayenda, monga siponji m'madzi. Ukakhala malo amodzi maola ambiri, utakhotetsa msana, timangofinyika mbali imodzi, ndipo chofewa chija chimakankhidwira kumbuyo kumene kumadutsa mitsempha ya m'miyendo. Kuwonjezera apo pali kunjenjemera kwa galimoto. Thupi la munthu wokhala pansi limagwedezeka kwambiri mpando ukamanjenjemera maulendo 4 mpaka 8 pa sekondi imodzi, ndipo galimoto zikuluzikulu zimapereka kunjenjemera kwa mtundu womwewo. Minofu yogwira msana imalimbana nako tsiku lonse mpaka kutopa. Ndiye munthu wotopa minofu uja adumphe kuchokera pamwamba pa kebini, awerame, akoke chinthu cholemera. Kwa ine kakhushoni ka pakati pa fupa lachinayi ndi lachisanu kanatuza n'kupana mtsempha, n'chifukwa chake ululu umamvekera kuphazi pamene bala lili m'chiuno.

Nditamva zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali. Zaka 24 ndakhala ndikuphunzitsidwa za galimoto: kuyeza oyilo, kumvera injini, kusunga mpweya wa mabuleki, kumanga katundu. Palibe ndi mmodzi yemwe, kusukulu yoyendetsa galimoto kapena kuntchito, amene anandiuzapo mawu awiri okha a mmene ndingatsikire m'kebini. Mayi uja anandiuzanso kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera anthu 619 miliyoni amene ankavutika ndi msana wa m'munsi mu 2020, ndipo ndi vuto limene likulepheretsa anthu ntchito kuposa lina lililonse. Alimi ali momwemo, anamwino ali momwemo. Koma dalaivala amakumana ndi zonse pamodzi: kukhalitsa, kugwedezeka, kunyamula zolemera, kusagona mokwanira.

Nditakhala kunyumba sabata ziwiri, makiyi anapatsidwa kwa mnyamata wina. Anandiuza kuti, "Mukachira mudzatipeze." Dzina la kampani sinditchula, chifukwa si iwo okha amene amatero. Nditafunsa za chithandizo, bwana wina anandiyankha kuti msana ndi ukalamba, aliyense amadwala. Ndinali ndi zaka 49. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti dziko lino lili ndi lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito la chaka cha 2000, komanso lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pamalo a ntchito la 1997. Ndikanadziwa, ndikanalembetsa lipoti tsiku lomwe ndinafika, ndikanapempha kalata ya dokotala yofotokoza mmene ndinavulalira, ndikanapita nayo ku ofesi ya zantchito. Ine ndinangofika n'kutsitsa katundu, kusaina mapepala a feteleza, n'kupita kukagona. Munthu woduka chala pamakina amaoneka, magazi amachitira umboni. Msana umadyeka mobisika zaka zambiri, ndipo tsiku lomaliza ulibe chosonyeza kupatula kuyenda mopendekeka.

Komatu si nkhani yachilendo kwa odziwa. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, limene Malawi ndi membala wake, pa mndandanda wake wa matenda obwera chifukwa cha ntchito umene linaukonzanso mu 2010 linaikapo matenda obwera ndi kunjenjemera. Mphwanga wina amayendetsa thiraki ku Britain. Iye amandiuza kuti akayendetsa maola 4 ndi theka ayenera kupuma mphindi 45, ndipo mwachizolowezi sapitirira maola 9 pa tsiku. M'galimoto muli kachipangizo kolemba zonsezi, ndipo akaphwanya, chilango chimagwera iye ndi abwana ake omwe. Kuno lamulo lathu la ntchito la 2000 limanena za maola 48 pa sabata. Ndifunseni ine maola amene ndinkakhala m'kebini pa sabata imodzi. Dalaivala amene ndalama yake yeniyeni ili mu alawansi ya ulendo sangapume, chifukwa ola lililonse limene waima ndi ndiwo za ana zimene wataya. Ukafika pa boda n'kupeza mzere wa masiku awiri kapena atatu, anthu amaganiza kuti tikupuma. Kumeneko sikupuma ayi. Mzere umasuntha pang'onopang'ono usana ndi usiku, sungatalikire galimoto, ndipo usiku umagona khutu limodzi lili kuthanki kuopa akuba dizilo.

Anzathu a minibasi ndi a matakisi nawo musawaiwale. Amayamba 4 koloko m'mawa kusaka tageti ya bwana, mipando yotha siponji mpaka zitsulo kuonekera, mashoko akufa kalekale. M'tigalimoto tating'ono tonyamula anthu m'maboma, dalaivala amagawana mpando wake ndi pasenjala, iye n'kukhala chammbali, thako limodzi lili m'malere, n'kuyenda choncho makilomita ambirimbiri. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto akugunda mabampu tsiku lonse atanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga. Ambiri mwa iwo sanakwanitse zaka 30. Ndikawaona mtima umandiwawa chifukwa ndikudziwa kumene njira imeneyi imathera.

Ifenso madalaivala tili ndi mbali yathu. Nthawi zonse tikanyanyala ntchito timanena za malipiro ndi alawansi, ndipo n'zoyenera. Koma sindinamvepo pa msonkhano uliwonse wina akuimirira kunena za mipando, za maola opuma, kapena za mnzathu amene wagona kunyumba osatha kuvala yekha nsapato. Atsogoleri a mabungwe athu ndikuwapempha aike zimenezi patebulo limodzi ndi ndalama. Malipiro okwera sakuthandiza ukasiya ntchito zaka 15 nthawi yako isanakwane.

Kwa akuluakulu oona za pamsewu, pempho langa ndi laling'ono. Poyeza galimoto yonyamula katundu kapena anthu, woyezayo akwere m'kebini akhale pampando wa dalaivala. Aone ngati ukusuntha kutsogolo ndi kumbuyo, ngati chotsamira chikugwira, ngati pansi pake pali masipuling'i kapena chipika. Sizitenga mphindi ziwiri. Eni galimoto akadziwa kuti mpando wakufa ulepheretsa COF, sipeya wodula uja apezeka sabata yomweyo. Pa chipata cholipirira msewu cha Chingeni takhala tikulipira kuyambira 2021, pa cha Kalinyeke kuyambira 2022. Mwa ndalama zokonzera misewu, pakhaleko zomangira malo otakasuka m'mbali mwa M1 pamene thiraki ingaime bwinobwino, pali chimbudzi ndi madzi, kuti amene akufuna kuwongola miyendo asamaime pakhota n'kuika moyo wa ena pachiswe. Pa nkhani ya Edzi tinafikiridwa kumene tili. Pa Mwanza anatiikira kachipatala ka m'kontena, ndipo ambiri tinayezetsa magazi koyamba kumeneko chifukwa kanali pafupi ndi galimoto zathu. Njira yomweyo ingagwire ntchito pa msana. Dziko lino tsopano likuphunzitsa lokha akatswiri a mafizo ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Mmodzi atamafika pa boda ngakhale kamodzi pa mwezi, atanyamula mafupa apulasitiki aja, angapulumutse misana yambiri. Ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023, ndipo tikuthokoza, koma dalaivala asamayambe kumva za msana wake atafika kale pa khomo la opaleshoni.

Tsono kwa inu anzanga amene mukadali pamsewu, ndikuuzeni zimene ndinaphunzira mochedwa. Potsika m'kebini tembenukani muyang'ane galimoto, gwirani ndi manja onse awiri, tsikani ngati mukutsika makwerero. Kudumpha kuja timakuona ngati unyamata, koma n'kumene kunandigwetsa ine. Mukatsika musathamangire kukoka malamba kapena kugubuduza tayala. Yambani mwayenda mphindi zingapo, zungulirani galimoto, gogodani matayala, thupi lidzuke kaye. Tayala la thiraki si la munthu mmodzi, itanani mnzanu, ndipo ponyamula pindani mawondo m'malo mopinda msana. Chikwama cha ndalama chichoke m'thumba lakumbuyo, chifukwa chimakupendeketsani tsiku lonse osadziwa. Pindani thaulo kapena chitenje muike kumbuyo, pamene msana umalowa mkati pamwamba pa lamba wa thalauza. Mpando uyandikire moti mukaponda kilatchi mpaka pansi bondo likhalebe lopindika pang'ono. Pakatha maola awiri imani, ngakhale mphindi 5. Fodya amachepetsa chakudya chofika ku timakhushoni tija, ndipo mimba imene timakulitsa ndi tchipisi ndi nsima ya pakati pa usiku imasenzedwa ndi msana womwewo.

Msana ukayamba kupweteka musagone chigonere sabata yonse monga ndinachitira ine. Anandiuza kuti ambiri amachira popanda opaleshoni, ndipo kuyenda pang'onopang'ono ndi mafizo kumathandiza kuposa mphasa. Koma pali zizindikiro zimene sizidikira kuti mukatsitse kaye katundu. Mukaona mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha, chimbudzi osachimva, pakati pa miyendo pachita dzanzi, kapena phazi likukwakwaza pansi poyenda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kulikonse kumene muli, chifukwa mitsempha ikapanika nthawi yaitali siibwereranso. Ndipo msana ukamapweteka limodzi ndi kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuwonda, kayezetseni TB. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo mankhwala ake m'zipatala za boma ndi aulere. Mnzanga wina wa njira ya ku Dar anatha chaka akumeza mapilitsi a ululu, pamene chinkamudya chinali chimenechi.

Lero ndimagulitsa mu kagolosale kamene tinatsegula ndi ndalama zochepa zimene mayi a kunyumba ankasunga kubanki m'khonde. Ndimagulitsa chiimirire. Kireti ya zakumwa ikabwera ndimadikira mwana wa aneba adzandilowetsere. M'mawa mayi ndi amene amagwada kundimangira zingwe za nsapato, mayi omwe aja amene poyamba ankandikayikira chifukwa cha mawu a anthu, ndipo tsiku limene anandiperekeza kuchipatala n'kumva okha za chipika chija analira. Mdzukulu wanga wa zaka 2 akandithamangira atakweza manja, ndimakhala kaye pansi kuti akwere yekha pamiyendo. Mwana wanga wachiwiri watenga laisensi ya galimoto zazikulu chaka chino. Sindinamuletse, ntchito ndi yosowa ndipo iyi ndi imene inawalera. Tsiku limene ankapita kukayesedwa ntchito ndinamuuza kuti asanayang'ane injini ayambe wasuzumira pansi pa mpando.

Akonzi, ndikupempha mutumize mtolankhani wanu pa boda ya Mwanza kapena ya Songwe cha m'ma 5 koloko m'mawa, nthawi imene zitseko za makebini zimayamba kutseguka. Asafunse kaye mafunso. Angoima n'kuona mmene amuna a zaka 40 akutsikira, angati akugwira m'chiuno, angati akutsamira tayala asanaponye phazi loyamba. Akatero awapemphe amuonetse mipando yawo, ajambule zithunzi, mudzazisindikize.

Ine wanu,
Dalaivala wakale wa thiraki,
Lunzu, Blantyre